Nsonga ya ma nanomita 2 imene sinali tinthu: lipoti la kuyeza maonekedwe a tindodo ta golide ndi kuwala

Gulu lina la ofufuza linatumiza ku labotale yathu mabotolo atatu a madzi momwe munali tindodo ta golide timene anapanga okha. Kalata yoperekeza mabotolowo inapempha chinthu chimodzi, kuti nditsimikize kuti m'madzimo mwadzaza tinthu ting'onoting'ono tosafunika, iwo ataye zonse n'kuyambiranso ntchito. Anali atayeza kale pa makina awo a DLS, amene amapeza kukula kwa tinthu poona mmene kuwala kwa laser kukumwazikira, ndipo pepala la zotsatira linaonetsa nsonga ziwiri, ina pa ma nanomita pafupifupi 32, ina pa ma nanomita pafupifupi 2. Atalamula pulogalamu ya makinawo kuti iwerenge motengera chiwerengero cha tinthu osati mphamvu ya kuwala, nsonga ya 32 ija inazimiririka, ndipo pepala linati pafupifupi tinthu tonse ta m'botolo ndi ta ma nanomita 2. Sindinavomere kuikira umboni zimenezi ndisanayeze ndekha. Lipoti lino likulongosola zimene ndinachita, zimene ndinapeza, komanso pamene umboni wanga ukulekezera.

Nkhawa ya gululi inali ndi maziko ake. Nanomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, ndipo tindodo totere satisema koma amatikulitsa m'madzi kuchokera ku timbewu ta golide tosafika ma nanomita 4. Njirayi inafotokozedwa ndi Jana, Gearheart ndi Murphy mu 2001, ndipo Nikoobakht ndi El-Sayed anaikonzanso mu 2003. Timbewuto amatithira m'madzi momwe muli mchere wa golide, silver nitrate pang'ono, ascorbic acid yemwe ndi vitamini C, komanso mankhwala a mtundu wa sopo otchedwa CTAB, amene amamatirira m'mbali mwa golide n'kumulola kukula kwambiri cha kunsonga. Munthu amene waphika yekha madzi otere akaona nambala ya 2 pa pepala, maganizo ake amathamangira ku timbewu timene sitinakule. Panalinso chinthu chachiwiri chokayikitsa, chifukwa CTAB akachuluka kupitirira pafupifupi 1 mM (mM ndi muyeso wa kuchuluka kwa mankhwala m'madzi) amadziunjika yekha m'timagulu tozungulira ta ma nanomita ochepa, ndipo timaguluto timamwazanso kuwala.

Ndiyenera kunenanso chifukwa chimene maonekedwe ali nkhani yaikulu pa golide. Mzere wofiira umene umatuluka pa tizipangizo tambiri toyezera malungo mwachangu ndi timipira ta golide tounjikana, ndipo kufiirako kumabwera chifukwa timipirato timameza kuwala kumene mafunde ake ndi otalika ma nanomita pafupifupi 520. Gustav Mie anawerengera zimenezi mu 1908, ndipo Richard Gans mu 1912 anaonetsa kuti kanthu kakatalika mbali imodzi kamameza kuwala pa malo awiri, ena pafupi ndi 520, ena patsogolo, ndipo malo achiwiriwa amasunthira kutali kutalika kwa kanthuko kukamaposa kunenepa kwake. Gululi linkafuna tindodo tomeza kuwala kwa ma nanomita pafupifupi 735 kuti tizitentha tikawalitsidwa. Choncho chuma chawo chonse chinali mu kutalika ndi kunenepa kwa kandodo, ndipo nambala imodzi ya "kukula" sikanawauza ngati ntchito yawo yatheka.

Chimene makina amaona ndi chimene amangoganizira

Tinthu tating'ono tikakhala m'madzi sitikhazikika, chifukwa mamolekyu a madzi amatigunda mbali zonse. Robert Brown anaona kunjenjemera kotereku mu 1827, ndipo Albert Einstein anakufotokoza ndi masamu mu 1905. Laser ikawalira m'madzi oterowo, kuwala komwazika kumathwanima, chifukwa tinthu tikasuntha mafunde a kuwala ochokera kwa kanthu aka ndi ako amalimbikitsana kapena kufafanizana mosinthasintha. Makina amayeza liwiro limene kuthwanimako kumasinthira, limene timalilemba Γ. Akaligawa ndi q², nambala yodalira mtundu wa laser, madzi ndi mbali imene diso la makina laima, amapeza D, liwiro limene tinthu tikufalikira. Pomaliza amagwiritsa ntchito lamulo la Stokes ndi Einstein kusandutsa D kukhala kukula.

Sitepe yomalizayi ndi imene inasokoneza gululi. Lamulo la Stokes ndi Einstein limanena za mpira, ndipo pulogalamu imaganiza kuti kuthwanima kulikonse kwadza chifukwa mpira wina wasuntha. Mpira ukamazungulira uli pamalo amodzi, kuwala kumene ukumwaza sikusintha, popeza mbali zake zonse n'zofanana. Kandodo kakamatembenuka, kuwala kumasintha ngakhale kandodoko kasanasunthe, ndipo pa golide kusinthako n'kwakukulu zedi chifukwa ma elekitironi ake amagwedezeka mosavuta chamlitali kusiyana ndi chopingasa. Motero madzi a tindodo amathwanima mitundu iwiri nthawi imodzi, kuthwanima kwapang'onopang'ono kochokera ku kusuntha, ndi kuthwanima kofulumira kochokera ku kutembenuka. Pulogalamu ilibe poika kutembenuka, choncho ikaona kuthwanima kofulumira imalemba kuti pali kampira kakang'ono kwambiri kothamanga.

Ndisanatsegule botolo lililonse ndinachita masamu apapepala, ndipo ndikulimbikitsa aliyense wolandira zotsatira zotere kuyambira pomwepa. Kuchokera pa ntchito ya Rayleigh ya mu 1871 tikudziwa kuti kuwala kumene kanthu kakang'ono kamamwaza kumakula ngati voliyumu yake yochulukitsidwa ndi iyo yokha. Kandodo ka ma nanomita 40 m'litali ndi 12 m'mimba kali ndi golide wochuluka pafupifupi ka 1,000 kuposa kampira ka ma nanomita 2, choncho kamamwaza kuwala kochuluka pafupifupi ka 1,000,000, tisanawerengere n'komwe kuti kandodo kamathandizidwanso ndi kugwedezeka kwa ma elekitironi kuja. Kuti timbewu tioneke ndi nsonga yolingana ndi ya tindodo, pakanafunika timbewu pafupifupi 1,000,000 pa kandodo kamodzi, kutanthauza kuti golide wa m'timbewu akanaposa wa m'tindodo ka 1,000. Madzi otero sakanaonetsa nsonga yooneka bwino ya 735 pa makina a UV-vis, amene amayeza mtundu wa kuwala umene madzi akumeza, koma mabotolo awiri oyamba anaionetsa mosakayikitsa. Masamu omwewa ndi amene amachititsa kuti pulogalamu ikasinthira ku chiwerengero, nsonga yaing'ono imeze chilichonse.

Mmene ndinayezera

Mabotolo anafika ali ndi timiyala toyera pansi, chifukwa CTAB wochuluka amaundana kutentha kukatsika pansi pa madigiri pafupifupi 25. Ndinawaika m'madzi ofunda a madigiri 30 mpaka timiyalato titasungunuka, kenako ndinazunguza sampulo iliyonse kamodzi pa centrifuge, makina ozungulira mothamanga amene amakhazika tinthu tolemera pansi, n'kuchotsa madzi apamwamba, n'kubwezera tindodo m'madzi a CTAB wa pafupifupi 1 mM. Sindinachotse CTAB yense, popeza akachepa kwambiri tindodo timamatana. Madzi apamwamba aja ndinawasunga padera, chifukwa timbewu tikanakhalapo tikanatsalira mmenemo. Timabotolo ta galasi toyezera ndinatitsuka ndi madzi osefedwa, pakuti kafumbi kamodzi kodutsa pa laser kamaononga muyeso wonse. Miyeso yonse inachitika pa kutentha kwa madigiri 30, ndipo ndinalemba kukhuthala kwa madzi kwa 0.80 mPa·s. Nambala imeneyi si yongodzazira fomu, chifukwa pa madigiri 25 ndi 0.89 ndipo pa madigiri 20 ndi 1.00, moti kulemba yolakwika kumapotoza zotsatira zonse.

Makina a gululi amaona kuchokera mbali imodzi yokha, ya madigiri 173 kuchokera kumene kuwala kwa laser kukulowera. Athu ali ndi mkono wozungulira, ndipo ndinayeza kuyambira madigiri 30 mpaka 150, ndi laser ya helium ndi neon ya ma nanomita 632.8. Kuwala kolowa kumagwedezeka choimirira. Patsogolo pa diso la makina pali galasi la Glan-Thompson limene limalola kuwala kogwedezekera mbali imodzi yokha. Likaima molingana ndi kuwala kolowa timati muyeso wa VV, ndipo likatembenuzidwa kuti lilole kuwala kogwedezeka chogona timati VH. Kampira kakang'ono sikatembenuza kagwedezekedwe ka kuwala, choncho pa VH sikaoneka, koma kandodo kopendekeka kamatembenuza gawo lina, ndipo gawo limenelo ndi limene limanyamula uthenga wa maonekedwe.

Tsiku loyamba sindinalandire zotsatira zanga zomwe. Nditayesa makina ndi timipira ta polystyrene, timene pa VH tiyenera kukhala pafupifupi mdima, ndinaona kuwala kukudutsabe, kusonyeza kuti galasi silinaime bwino ndipo kuwala kwa VV kukudontherera mu VH. Popeza VV ndi yamphamvu, kudontha kochepa kumabweretsa kuthwanima kwapang'onopang'ono pamalo pamene sikuyenera kupezeka, ndipo Γ imatsika monama. Ndinasuntha galasilo pang'onopang'ono mpaka kuwala kwa timipira kutatsikiratu, n'kuyambiranso miyeso yonse ya tindodo.

Umboni woyamba unachokera pa kusintha mbali. Kanthu kenikeni ka ma nanomita 2 kamapereka nambala yomweyo kulikonse kumene diso laima. Nsonga yaikulu inachitadi zimenezo, inakhala pafupi ndi 32 mbali zonse. Yaing'ono ija inayendayenda: nditawerengera ngati mpira inapereka pafupifupi 0.5 pa madigiri 60, pafupifupi 1 pa madigiri 90, ndi pafupifupi 1.8 pa madigiri 150. Umboni wachiwiri unali wa VH, pamene nsonga yaikulu inazimiririka n'kutsala yofulumira yokha. Madzi a CTAB opanda golide sanapereke kanthu pa VH, ndipo madzi apamwamba aja sanaonetse gulu la timbewu limene linkaopedwa. Nditachepetsa mphamvu ya laser ndi theka Γ sinasinthe, kusonyeza kuti golide sanali kutenthetsa madzi omuzungulira, ndipo nditasungunula sampulo ndi theka sinasinthenso, kusonyeza kuti kuwala sikunali kugunda tindodo tingapo kasanatuluke ndiponso kuti tindodo sitinali kukankhana.

Kuchoka pa kuthwanima kufika pa kutalika ndi kunenepa

Pa VH lamulo lake ndi lakuti Γ = Dt·q² + 6·Dr, pomwe Dt ndi liwiro la kufalikira mosuntha ndipo Dr ndi liwiro la kutembenuka. Munthu akajambula Γ ya mbali iliyonse moyang'anizana ndi q² amapeza mzere woongoka umene sudutsa pa ziro. Pamene mzerewo wayambira ndi 6·Dr, ndipo kupendekeka kwake ndi Dt. Pa botolo loyamba ndi lachiwiri mzere unayambira pa 194,000 pa sekondi, kutanthauza Dr ya pafupifupi 32,000 pa sekondi.

Pa Dt panafunika kusankha, ndipo ndikufuna owerenga adziwe chimene ndinasankha. Pa tindodo tating'ono chonchi, gawo la Dt·q² silipitirira magawo 6 pa 100 a Γ yonse ngakhale diso litaima kutali kwambiri, choncho kupendekeka kwa mzere wa VH n'kochepa ndipo cholakwika chaching'ono chimakusokoneza. Ndinatenga Dt kuchokera ku kuthwanima kwapang'onopang'ono kwa VV, kumene kunapereka 17.7 µm²/s. Njirayi ili ndi chofooka chake. Pophika tindodo pamatulukanso timipira tochepa ta golide, ndipo timipirato timalowa nawo mu VV pomwe mu VH mulibe. Tikanakhala tambiri, Dt ikanakhala ya gulu losakanikirana pomwe Dr ndi ya tindodo tokha, ndipo kunenepa kowerengedwa kukanalakwika. Ndinadalira njirayi chifukwa nsonga ya 520 pa UV-vis inali yaing'ono poyerekeza ndi ya 735, chizindikiro chakuti timipira n'tochepa.

Nambala ziwiri zoyezedwa zimalola kupeza nambala ziwiri zosadziwika. Francis Perrin anachita masamu a tinthu tooneka ngati dzira mu 1934 ndi 1936, Broersma anachita a ndodo mu 1960, ndipo Tirado ndi García de la Torre pakati pa 1979 ndi 1984 anakonza masamu a ndodo zazifupi, zimene kutalika kwake kumaposa kunenepa kuyambira kawiri kupita m'mwamba. Ndinagwiritsa ntchito omalizawa chifukwa tindodo tathu n'tatifupi ndipo nsonga zake zimakhudza kwambiri kayendedwe kake. Yankho linali ma nanomita 46 m'litali ndi 18 m'mimba.

Zithunzi za TEM, makina ojambula ndi ma elekitironi, zinapereka 40 ndi 12 nditawerenga tindodo toposa 200. Mtsogoleri wa gululi ataona kusiyanaku anafunsa kuti olondola ndi makina ati, ndipo ndinawayankha kuti onse awiri akunena zoona pa zinthu zosiyana. TEM imaona golide yekha atauma, pomwe kuwala kumaona chinthu chimene chikusambira m'madzi, golide pamodzi ndi chovala chake cha CTAB, chimene chimakhala cha mizere iwiri yokhuthala pafupifupi ma nanomita 3. Kuchotsa 3 mbali iliyonse kumatsitsa 46 kufika 40 ndi 18 kufika 12. Komabe sindikufuna kuti kugwirizana kumeneku kutengedwe mopitirira muyeso. Nambala ya 3 sindinaiyeze ndekha pa sampulo imeneyi, chovalacho chikhoza kukhala chopyapyala cha kunsonga, ndipo kuwala kumakondera tindodo tikulutikulu pomwe TEM imawerenga kalikonse kamodzi. Kutalika ndimakukhulupirira kwambiri, chifukwa Dr imatsika msanga kutalika kukamakula, moti kusiyana kwa magawo 10 pa 100 m'litali kumaoneka ngati magawo pafupifupi 20 pa 100 mu Dr. Kunenepa kumalowa m'masamu mofooka, ndipo pamenepo ndinalemba kuti pakhoza kukhala kusiyana kwa ma nanomita 2 kapena 3.

Botolo lachitatu

Botolo limene gululi silinalikayikire mwapadera ndi limene linali ndi vuto. Pa makina awo nsonga yake yaikulu inali pa 31, pafupifupi chimodzimodzi ndi enawo, ndipo kwa ife Dt yake inali 18.1 µm²/s, kusiyana kosafika magawo 3 pa 100 kumene aliyense akanakutcha phokoso la makina. Koma Dr inali pafupifupi 40,000 pa sekondi. Masamu anapereka 40 ndi 19, ndipo kuchotsa chovala kunasiya golide wa 34 m'litali ndi 13 m'mimba. Nsonga ya UV-vis inali itabwerera kufika pafupi ndi 670, madziwo anali opita ku buluu tikawaika pambali pa enawo, ndipo TEM inaonetsa tindodo tatifupi tonenepa. Pa botolo limeneli ndinasamala kawiri. Nsonga ya 670 ili pafupi ndi kuwala kwa laser yathu, choncho ndinabwereza kuyeza ndi mphamvu yochepa kuti kutentha kusandinamize. Ndiponso kutalika kunaposa kunenepa ka 2.1 kokha, pafupi ndi pamene masamu a Tirado ndi García de la Torre amalekezera, moti popanda TEM sindikanalemba nambalazo molimba mtima.

Chochititsa chidwi n'chakuti voliyumu ya golide sinasinthe kwenikweni, pakuti kandodo ka 40 ndi 12 kali ndi golide wofanana ndi ka 34 ndi 13. Golide sanasungunukire m'madzi koma anachoka kunsonga n'kukakhala m'mbali. Nditafunsa mbiri ya botololi, anandiuza kuti CTAB ataundana analiika pa mbale yotenthetsera n'kuliiwala maola angapo madzi ali pafupi kuwira. N'zodziwika kuti tindodo ta golide tikatenthedwa m'madzi a sopo timafupika, chifukwa mpira ndi maonekedwe amene golide amakhazikika nawo bwino, ndipo maatomu a kunsonga ndi amene amasuntha msanga. Ndinalemba kuti kutenthako ndi chifukwa chimene ndikuchiganizira kwambiri, osati chimene ndatsimikiza, popeza botololi silinayezedwe lisanatenthedwe ndipo n'kutheka kuti linasiyana ndi anzake kuyambira pophika. Ndinapempha kuti atenge gawo la botolo loyamba, alitenthe mofananamo, ndipo tiyeze Dr lisanatenthedwe komanso litatenthedwa.

Zimene njirayi singathe ziyeneranso kunenedwa. Siisankha yokha maonekedwe. Ndinauza masamu kuti kanthuko ndi ndodo chifukwa cha mmene kanapangidwira ndi zimene TEM inaonetsa, ndipo Dt ndi Dr zomwezo zikhoza kukwaniranso kanthu kooneka ngati dzira. Timipira tiwiri tomatana timaperekanso kuwala pa VH, choncho kuwala kwa VH pakokha sikutsimikiza kuti muli tindodo. Mphamvu yake ili pakuti imayeza tinthu tochuluka zedi tili m'madzi momwe tidzagwirire ntchito, popanda kuumitsa, ndipo ikagwirizanitsidwa kamodzi ndi TEM imatha kulondola kusintha kwa botolo lililonse m'maola ochepa.

Kalata imene ndinabweza inanena kuti botolo loyamba ndi lachiwiri lisatayidwe, popeza mulibe umboni wa timbewu totsala ndipo nsonga ya ma nanomita 2 ndi kutembenuka kwa tindodo tomwe ankatifuna. Botolo lachitatu lilembedwe kuti ndi la 670 ndipo lisasakanizidwe ndi enawo pa ntchito yofuna 735. CTAB akaundana azisungunula m'madzi a madigiri 30, osati pa mbale yotenthetsera. Pa tindodo asamagwiritse ntchito zotsatira zotengera chiwerengero, ndipo nambala ya 32 asamaitche kutalika kapena kunenepa, chifukwa ndi kukula kwa mpira wongoyerekeza umene ungafalikire pa liwiro lofanana ndi kandodo. Popeza makina awo ali ndi mbali imodzi, ndinawalangiza kuti azisunga mzere weniweni wa kuthwanima umene makina amalemba asanausandutse nsonga, aziwerengera pamenepo ma Γ awiri, wapang'onopang'ono ndi wofulumira, pa kutentha kwa madigiri 30 nthawi zonse. Pa mbali yawo ya 173, tindodo ta botolo loyamba tiyenera kupereka Γ yofulumira ya pafupifupi 206,000 pa sekondi, ndipo ta botolo lachitatu pafupifupi 250,000.